Nsichi Khumi ndi Zinayi Pansi pa Damu

Lolemba, 11 Malichi

7 koloko, pa rula yoyezera madzi. Kwatsala mamita 3 ndi masentimita 20 kuti damu lisefukire. Ndalemba m'buku la a zamadzi, ndatumiza pafoni ngati masiku onse. Izi ndikulemba kumasamba otsala a buku la chaka chatha. Ku ofesi safuna mawu, amafuna manambala. Mawu ndi anga.

Mitambo kumapiri kwathu, yakuda kunsi ngati poto. Kuno dzuwa lokhalokha. Akakowa asanu ndi awiri m'matope, chilili, ngati anthu odikira basi.

Jaci wanditsata mpaka pakhoma la damu, patapata phazi limodzi. Zaka zisanu mwana wanga, chibadwire sanaone damu litadzaza. Madzi amene amawadziwa ndi a galimoto yogawa ija, ndi chithaphwi chobiriwira chapakati. Ndamulozera pamlomo, pasimenti pomwe madzi amadutsa likadzaza, pomwe lero abuluzi akuwothera dzuwa. Ndamuuza kuti ine ndi amayi ake tinaonana pamenepo zaka 8 zapitazo, madzi akutsetsereka, anthu atakhala m'madzimo mizeremizere ngati m'tchalitchi. Wandiyang'ana ngati ndikumunamiza. "Ababa, ndiye madziwo amakwera pa makwerero?"

Masana ku dimba. Lili m'damu momwemo, pansi pouma, kuseri kwa thanthwe. Khobwe wayamba kukhwima. Sabata imodzi, mwina masiku khumi. Mbatata pang'ono, maungu anayi. Mpanda uli bwino: nsichi 14, waya waminga mizere itatu. Mbuzi zimafika, kununkhiza, kubwerera.

Lachinayi, 14 Malichi

3 ndi 07.

Msonkhano wa bungwe lathu, m'kalasi. Mipando ya ana, mawondo kufika pachibwano. Dona Zuleide, wapampando wathu, magalasi kunsonga kwa mphuno. Nkhani imodzi: aliyense amene analima m'damu nthawi ya chilalayi achotse mpanda wake lisanafike tsiku la Yosefe Woyera. Akuti kwawo kwa amayi awo mnyamata wina anadumphira m'madzi chaka chomwe damu lakumeneko linadzaza, mwendo unakodwa mu waya wa dimba lakale. Anamupeza tsiku lachitatu. Makamaka kuthanthwe, anatero, chifukwa ndiko anthu amasambira.

Kenaka maina, mmodzimmodzi. Uyu ndachotsa. Uyo ndachotsa. Wina akuti wake anamubera kale, amthokoze wakubayo. Anthu kuseka. Atafika pa ine: "Erivan, wako?"

Ndachotsa kale, Dona Zuleide.

Pakamwa panathamanga pokha. Sindikudziwa. Mwina chifukwa onse anali atayankha choncho. Mwina chifukwa ine ndine wa buku, munthu wolemba zoona 7 koloko iliyonse, ndiye kukhala wotsalira ndekha. Anachonga dzina langa, napitirira. Apongozi anga, Seu Anacleto, anangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga matailosi.

Si bodza lenileni. Loweruka ndichotsa. Bodza la masiku awiri.

Cleonice, mkazi wanga, sanapite, anali ndi mphonje za machila zoti amalize kuluka. Wandifunsa za msonkhano. Ndati zachizolowezi.

Loweruka, 16 Malichi

2 ndi 98.

Ndinapita ndi pulayala ndi khasu. Mbuzi 11 zitaima kunja kwa mpanda, maso pa khobwe. Ngati zauzidwa. Ndichotse waya m'mawa, pofika masana mapesi okhaokha. Zaka zinayi kubzala osakolola, chaka chino nyemba zolendewera ngati zala, ndizipereke kwa mbuzi?

Ndinakhala pathanthwe, kuwerengera. Nsichi yakumunsi ili masentimita 38 pamwamba pa madzi. Madzi akukwera masentimita 5 patsiku. Sabata yathunthu, n'kutsalako. Lachitatu ndithyola khobwe yense, wouma ndi wamuwisi, kuzula nsichi, kukulunga waya. Palibe adzadziwe. Kuno kulibe amene amafika, njira yake ndi ya ine ndi mbuzi.

Mphepo inali kuchokera kummawa, yofunda, ya fungo la dothi lonyowa la kwina. Masamba a khobwe kutembenuka, kuonetsa kumimba koyera. Ndinagona chagada pang'ono. Poganiza kuti pomwe ndagona pano tsiku lina padzadutsa nsomba. Pamwamba pa nkhope yanga, bwato. Sizinalowe m'mutu.

Pulayala wabwerera osagwira ntchito.

Lachiwiri, 19 Malichi

2 ndi 85. Yosefe Woyera.

Tinayenda ndi chifaniziro kuchoka kutchalitchi mpaka pakhoma. Tili pakati pa nyimbo yachiwiri, madontho. Akuluakulu, apatalipatali, otentha. Limodzi pamphumi pa woyerayo, kutsikira kumphuno. Amayi anasiya kuimba, anayamba kuseka. Amuna zipewa m'manja, mitu poyera. Mvula ikagwa lero, chaka ndi chamvula, aliyense akudziwa.

Jaci paphewa panga, kukamwa yasa, kuwakha madontho. Akuti akukoma ngati msomali.

Masana kuskuzi, ufa wa chimanga wophika ndi nthunzi, ndi dzira, khofi. Seu Anacleto anabwera ndi kachasu pang'ono, akuti wa woyera. Bwato lawo lakhala chozondoka pansi pa mtengo zaka zisanu, nkhuku zimaikiramo. Lero analitembenuza, kuligogoda ndi chala uku ndi uku ngati vwende.

Kumapiri kwada bii. Ziphaliwali zopanda mawu. Mawa m'mamawa ku dimba, matumba awiri ndaika kale pakhomo.

Lachitatu, 20 Malichi

0 ndi 80.

Ndinawerenga katatu. Ndinapukuta m'maso, kuwerenganso. Marula awiri omwe ndinawasiya poyera dzulo kulibe. Mamita awiri tili m'tulo. Akuti kadamu ka mwini famu wina kumtunda kanaphulika, madzi ake onse kubwera kwa ife, kuphatikiza a mvula.

Madzi ofiira, othamanga popanda phokoso. Atanyamula mitengo, chitseko cha munthu, chisa cha nkhuku, dzungu. Mwina langa. Linadutsa pang'onopang'ono likuzungulira, ngati likuyang'ana anthu.

Mudzi wonse pakhoma. Ena kupemphera, ena kuimbira abale a ku São Paulo kuti amve. Dona Zuleide pambali panga ndi ambulera, misozi mbwembwembwe, dzanja lawo litagwira mkono wanga.

Ndinaona. Kuseri kwa thanthwe, pakati pa zinyalala, mitu inayi ya nsichi zakumtunda. Inali ikuonekabe. Madzi pamenepo ofika m'ntchafu basi. Ndikanatsika nthawi yomweyo ndi pulayala. Koma anthu onse maso konko, ndi dzanja lija pamkono panga.

Ndinati ndidikire abalalike. Sanabalalike.

3 koloko masana, 0 ndi 45. Kuseri kwa thanthwe madzi okhaokha, see, ngati sipanakhalepo kanthu.

Pobwerera Jaci anafunsa. "Ababa, madziwa wabweretsa ndani?"

Loweruka, 23 Malichi

0 ndi 38. Akukwera pang'onopang'ono tsopano, damu latambasuka.

Masiku atatu, dziko lonse labiriwira. Mitengo yomwe tinkati inafa. Achule kuyambira m'mawa, ngati akumanga nyumba ndi nyundo zing'onozing'ono. Abakha akutchire sindikudziwa achokera kuti. Mtambo umodzi kumwamba, wina womwewo m'madzi.

Anthu kukonzekera tsiku losefukira. Misasa ya masamba a kanjedza pafupi ndi thanthwe. Cleonice akuti akazinga nsomba ndi chinangwa, wabwereka chiwaya chachikulu. Ngolo zitatu za mchenga athira pagombe posambira. Pamwamba penipeni pa dimba langa.

Dona Zuleide andipatsa bolodi ndi penti. Kuletsa mabotolo agalasi, kuletsa kudumpha pakhoma, mwana asalowe popanda wamkulu. "Iwe uli ndi dzanja labwino pa manambala, ulembenso kuzama kwake." Ndalemba.

Seu Anacleto apatsa Jaci chubu cha tayala la galimoto, chomata pawiri. Wachivala m'chiuno chiyambire m'mawa. Wadyera momwemo. Pakhomo sakukwana, akudutsa chammbali.

Ndinalota ndikuyenda pansi pa damu, kupuma bwinobwino. Kuwala kobiriwira. Khobwe ali chiimire, akugwedezeka, nsomba kudutsa pakati pa mawaya ngati mbalame. Ndikuthyola, kuika m'thumba, thumba osadzaza. Kumwamba timapazi tiwiri tikupalasa, kutsika, kutsika. Ndimafuna kukuwa, m'kamwa mukutuluka thovu lokha.

Lachiwiri, 26 Malichi

0 ndi 31.

Masana anthu atalowa m'nyumba, ndinapita ndi nsungwi yaitali, ngowe kumapeto. Kulowa mpaka m'mawondo. Basi. Miyendo inakana. Ine ndine wakuphiri, kwathu madzi ndi a m'chitsime, umawaona pansi patali, umawakoka ndi chingwe. Kusambira sindidziwa. Zaka 8 zija pamlomo ndinangokhala pasimenti, madzi m'chiuno, manja atagwira pansi. Cleonice ndiye ankadumpha pathanthwe, tsitsi lake ngati la kanyimbi wonyowa. Anandiseka, ndi momwe tinayambira.

Ngowe sinafike ngakhale theka.

Mayi wina wochapa anandiona. "A Erivan, mukuwedza ndi ngowe? Kwanu kumapiri nsomba zimakhala m'mitengo?" Ndinaseka nawo.

Pobwerera ndinapeza Jaci m'mphepete, chubu m'chiuno, zala zakuphazi m'madzi. Ndinamukalipira mawu omwe sindinawadziwe kuti ndili nawo. Analira mopanda phokoso, zomwe zimapweteka kuposa.

Cleonice anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwamuna iwe, zaka zonsezi tikulirira madzi. Abwera, iwe nkhope ngati wakwirira munthu."

Sindinakwirire munthu. Sindinakwirirebe.

Lachinayi, 28 Malichi

0 ndi 24.

Seu Anacleto anabwera chakummawa ndi ukonde paphewa. Anauyala pakhonde. Bowo lolowa munthu, m'mbali mwake dzimbiri. Mu ulusi mutakodwa kamtsitsi ka khobwe, masamba awiri akadali obiriwira.

Anakhala. Khofi makapu awiri. Anakamba za mtengo wa phula lomatira bwato, za bondo lawo, za ng'ombe ya neba yomwe yabereka mapasa. Jaci anawakwera pamsana ndi chubu chake. Ine maso paukonde.

Ponyamuka, Cleonice ali kuseri, anayankhula motsitsa. "Mkamwini, nsomba ya kuseri kwa thanthwe ili ndi mano achitsulo. Mizere itatu." Anavala chipewa. Akuti ndikanena ndekha ndi bwino, iwo pakamwa pawo patsekeka mpaka Loweruka basi, ndi okalamba, zinthu zimawapulumuka.

Ukonde anausiya. Ndauyamba kusoka. Sindidziwa mfundo zake, ndikungomanga.

Lachisanu, 29 Malichi

0 ndi 22.

Ndamuuza Cleonice, akusenda chinangwa. Mpeni unaima. Sanakuwe. Anapukuta manja, kupita kwa Jaci, kumuvula chubu, kuchipachika pa msomali wapamwamba pomwe timapachika nyali. Jaci kulira. Kenaka Cleonice kwa ine: "Ndinamulonjeza kuti ndidzadumpha naye pathanthwe atandigwira m'khosi. Ukanangotiyang'ana?"

Ayi. Sindikudziwa. Ndikuganiza kuti ayi.

Kwa Dona Zuleide. Ndinawapeza akuthirira maluwa, koyamba m'zaka zisanu ndi madzi osachapira kale. Ndinanena zonse nditaima, chipewa m'manja. Nsichi 14, mizere itatu, mbuzi, masamu anga a masentimita 5. Ndi mitu inayi ija, kuti ndinaiona iwo atandigwira mkono.

Anavula magalasi. "Manambala ako sindinawakayikirepo, mwana wanga. Tsopano ndizidzuka ndekha kukawerenga rula?"

Akuti Lamulungu Misa ikatha ndiime ndekha pakhomo pa tchalitchi, ndinene. Osati iwo, ine. Za buku akuti aganiza kaye.

Pobwerera ndinadutsa pakhoma. Madzi ayamba kuyera, ofiira aja akukhala pansi. Thupi lopepuka ngati ndatula thumba la simenti. Koma waya ali pomwepo. Kunena sikuzula nsichi.

Lamulungu, 31 Malichi

0 ndi 19.

Ndinaima pasitepe. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, wina kumbuyo anati ndikweze. Ndinakweza. Ndinanena zonse.

Kenaka mkulu wina wogulitsa ayisi: "Ndiye khobweyo wapsa, tikathyole?" Anthu kuseka. Wina akuti andipatse mendulo, ndine woyamba kumangira nsomba khola.

Si onse anaseka. Dona Gercina, wa ana aamuna atatu, anabwera mpaka pamphuno panga. "Anga akhala akusambira pamenepo chiyambire Lachinayi." Ananditembenukira msana.

Masana tinamanga chingwe kuchoka pathanthwe mpaka pamtengo wa juwa, mabotolo apulasitiki 30 oyandama. Pabolodi langa lija ndawonjezera pansi: WAYA WAMINGA PANSI PA MADZI. Zilembo zinandithera malo, MADZI yapindikira m'mwamba.

Cleonice wandiikira chakudya, sanakhale nane.

Lachitatu, 3 Epulo

0 ndi 12.

Masiku atatu m'bwato ndi apongozi. Anapinda zitsulo zomangira nyumba kukhala ngowe ya mano anayi, chingwe chachitali. Ine kukhala pansi penipeni pa bwato, zigubu ziwiri zopanda kanthu atandimangirira pachifuwa. Akuti ndikagwa ndidzayandama ngati galu wakufa, koma ndidzayandama.

Koyamba m'moyo pamwamba pa madzi. Poyamba maso otseka. Kenaka ndinatsegula. Tinali kudutsa pamwamba pa njira yanga ya ku dimba. Ndinaidziwa ndi nsonga za zitsamba. Apa ndi pomwe ndimapumira, apa pomwe Jaci anagwa n'kuchubuka bondo. Tsopano ndikudutsapo m'mwamba ngati kakowa. Nkhafi kulowa, kutuluka, madontho. Mitambo pansi pathu. Sindinkadziwa kuti pamadzi pamakhala chete chotere.

Ngowe ikakola waya, timakoka awiri. Dothi lafewa, nsichi imabwera yokha, yakuda, yoterera, ikutulutsa thovu. Lolemba 5. Dzulo 4. Lero 4. Waya timakulunga m'bwato, manja onse mabala. Pa waya pali khobwe wanga, wotupa, wina wamera m'madzi momwemo, timizu toyera tofunafuna dothi.

13.

Yotsala ndi ya pangodya yakumtunda, kufupi ndi thanthwe. Imeneyo ndinaikumbira mozama, kuitsendera ndi miyala, chifukwa ndiyo imagwira mpanda wonse. Waya anaduka mbali zonse ziwiri pokoka. Yatsala yokha, ndi michira itatu ya minga uku ndi uku. Ndi yomwe ili pafupi kwambiri ndi podumphira.

Ndinaimanga bwino. Ndi chinthu chokha chomwe ndinachita bwino.

Lachisanu, 5 Epulo

0 ndi 05.

Masiku awiri kuponya ngowe, palibe. Imangodutsa. Pamtunda ndikanapita ndi maso otseka. Pamadzi chilichonse chasuntha, thanthwe lafupika, mtengo uli pena.

Seu Anacleto akutsokomola, chifuwa chija chayambanso. Akuti ngowe ilibe maso, phazi ndiye lili nawo, pamenepo munthu wamtali ngati ine madzi angamulekeze m'khosi. Amafuna kulowa okha. Cleonice wawaletsa, wabisa nkhafi. Anyamata odziwa kusambira alipo, koma Dona Zuleide akuti salola mwana wa munthu kukafufuza minga ndi thupi lake. Aimbira ozimitsa moto mtauni, ali ndi wodziwa kumira. Akuti abwera Lachiwiri, madamu onse adzaza nthawi imodzi.

Lachiwiri ndi kutali. Magalimoto a mtauni ayamba kale kufika, anthu kudzaona. Amenewo chingwe cha mabotolo sachidziwa, Erivan samudziwa. Akamwa mowa awiri, bolodi ndi chokongoletsera.

Kumapiri kwadanso.

Jaci amakhala pansi pa msomali, kuyang'ana chubu. Sapempha. Lero anandibweretsera mankhwala ofiira a mabala, kundipaka yekha chala chimodzichimodzi, lilime panja. Akuti ndisalire.

Loweruka, 6 Epulo

0 ndi 01.

Sentimita imodzi. Kunenepa kwa chala.

Anthu atakhala m'mbali mwa mlomo chiyambire m'mawa, kubetcherana ola. Kamphepo kakawomba, madzi amanyambita simenti, kunyowetsa, kubwerera. Aliyense aaa, kenaka kuseka. Abuluzi asamuka. Woimba kodiyoni wafika, wakhala pa bokosi lake, sakuimba, akuti adikira madzi ayambe ndiwo.

Ndinapita naye Jaci. Anagona chafufumimba pasimenti youma, diso kufupi ndi madzi, kuwauzira kuti abwere.

Ndapempha chingwe cha ngowe chija kwa apongozi. Andipatsa. Cleonice anandiona ndikuchiyesa m'chiuno, mfundo yanga yolakwika. Anaimasula, kumanga yake. Mawu oyamba chiyambire Lachisanu lija osakhudza chakudya: "Chingwe ndigwira ine. Bambo manja awo atha."

Lolemba, 8 Epulo

Kwatsala: palibe. Madzi akudutsa masentimita 12 pamwamba pa mlomo. M'buku la ofesi mulibe malo olembapo zimenezi, ndalemba m'mphepete.

Dzulo sindinalembe, manja.

Linasefukira dzulo kutangocha. Makombola, belu la tchalitchi, agalu. Ndinathamangira ku rula kaye, 3 pamwamba, kutumiza. Madzi kutsika pasimenti ngati nsalu yoyera yomwe sikutha kutambasuka. Phokoso lake ndinali nditaliiwala. Ngati mvula yomwe ikugwa chammbali.

Pofika 8 koloko mabasi awiri. Kodiyoni, nsomba m'chiwaya, ana paliponse. Anyamata a mtauni atatu atakwera kale pathanthwe, mmodzi akuvula malaya. Dona Zuleide kuwakuwira, mawu awo kumezedwa ndi madzi.

Ndinavula nsapato. Zigubu ndinazisiya, zikanandinyamula, mapazi osafika pansi. Cleonice pamchenga, chingwe atachizunguliza kumsana, zidendene atazikwirira. Ndinadutsa pansi pa mabotolo.

Mawondo. Chiuno. Pachifuwa mpweya unathawa. Kuzizira kwa pansi, kufunda kwa pamwamba, ngati madzi awiri osiyana. Anyamata aja anaima, poona munthu wovala malaya ndi chipewa akulowa ngati akupita kumunda. Ndipo ndinali kupita kumunda. Phazi linadziwa. Mchenga wothira uja unatha, kenaka matope, kenaka mzere. Mzere wa mbatata, womwe ndinaunga ndekha. Ndinatseka maso. Ukatsata mzere umenewu kulowera kuthanthwe, mapazi asanu ndi anayi, ngodya.

Madzi m'khosi. Pachibwano. Kuyenda chonyang'ama, mutu chagada, kumwamba kokha ndikuona, ndi kabawi mmodzi akuzungulira. Makutu analowa m'madzi. Phokoso lonse linazima. Kodiyoni kumveka patali ngati ya m'mudzi wina, chaka china. Ndinawerenga. Sikisi. Seveni. Pa eyiti, moto pamsongolo.

Sindinasangalalepo ndi ululu chotero.

Ndinaigwira ndi dzanja, mutu wake unali pansi pa chigongono changa. Masentimita 50 kuchoka pamwamba. Mwana wodumpha pathanthwe akanafikira pomwepo ndi mimba.

Ndinakweza chipewa. Apongozi anabwera ndi bwato, nkhafi atazipeza, kundipatsa chingwe china. Kumanga ndinamanga ndekha pansi pa madzi, mfundo ya Cleonice, ndinali nditaiona. Nsichi inakana. Amuna asanu pamchenga, inakana. Khumi ndi awiri, ndi anyamata a mtauni aja, ndi wa ayisi, woimba kodiyoni akuwapatsa sitepe. Dona Gercina kumapeto kwa chingwe. Ine ndili chiimire m'madzi kuti wina asayandikire. Ndinaimva ikusuntha kudzera m'mapazi, miyala yanga ikugubuduka umodziumodzi. Inatuluka, michira yake ikukwekwereka, anthu kuikokera pamchenga ngati ng'ona.

Cleonice anandikoka ine. Akuti ndinali wolemera kuposa nsichiyo.

Msongolo masitichi anayi, jakisoni wa kafumbata. Namwino akuti ndisanyowetse sabata imodzi. Ndinali nditanyowetsa kale.

Masana Cleonice anatsitsa chubu pamsomali. Ndinakhala pamchenga mwendo uli pa bokosi. Anakwera naye pathanthwe, Jaci atamugwira m'khosi. Ndinafuna kutseka maso, sindinatseke. Anakhala m'mwamba nthawi yaitali kwambiri, tsitsi la onse awiri litaima. Kenaka phuvu. Kenaka mitu iwiri.

Dona Zuleide anadutsa ndi mbale ya nsomba, osaima. "Mawa 7 koloko, Erivan. Usandichedwetsere manambala."

M'mawa uno ndisanabwere kuno ndayala zonse kuseri kwa nyumba. Nsichi 14. Ndawerenga kawiri. Michira ya waya ndailumikiza ndi podukira pake, isanu ndi umodzi, yonse yagwirizana. Pansi sipanatsale kanthu, koma khobwe.

Jaci ali pano pakhoma, chubu m'chiuno, akuyang'ana madzi akutsika. Akuti mwendo ukapola andiphunzitsa kusambira, n'kosavuta, umangogona ngati pa machila. Ndavomera. Ndati tiyambire m'mawondo.

Akuti ayi, m'khosi, anandiona.